Nsomba ya pa Galasi la Vani

M'chaka cha 2008, kampani ina yochapa nsalu za m'mahotela ku Coolock, dera la mzinda wa Dublin kutsidya kwa nyanja, inali ndi madalaivala khumi ndi anayi. Pofika mu Juni 2010 anatsala atatu, ndipo mmodzi mwa iwo anali bambo Greenwell Kanyenda, obadwira m'mphepete mwa mtsinje wa Bua ku Nkhotakota m'chaka cha 1966. Chilolezo chawo chokhalira m'dziko chinkadalira ntchitoyo: ikatha, iwo, akazi awo a Dinah ndi mwana wawo Lily anayenera kulongedza.

A Kanyenda anali munthu wosamala. Mabedishiti ankawanyamula ngati khanda, ndipo m'vani mwawo simunkadyedwa ngakhale chipisi, poopa fungo. Chisangalalo chawo chinali chimodzi chokha, mbedza. Lachinayi lililonse ankapereka katundu kumahotela a kumpoto kwa Dublin, ndipo nthawi ya nkhomaliro ankaimika vani pafupi ndi mlatho wa mtsinje wina n'kuwedza tirauti, kansomba ka mawangamawanga. Chiphaso chowedzera tirauti anali nacho. Malamulo a pamtsinjepo ankawadziwanso: salimoni, nsomba yaikulu yochokera kunyanja yamchere, inali itachepa, choncho ikakodwa inkayenera kubwezedwa m'madzi. Kwina kumene inkaloledwa kuphedwa, inkayenera kuvekedwa kachingwe ka pulasitiki ka nambala yaboma.

"Kuwedza n'kubweza?" a Dinah ankawaseka. "Bambo a Lily, ndiye mumakangozipatsa moni nsombazo?"

"Ndi malamulo, mayi. Pano tili pa eni."

Pa 24 Juni madzi anali ataphwa ndi dzuwa, miyala ya pansi ili mbee, ndipo anali ofunda ngati osambira. Mbedza inagwidwa ndi chinthu cholemera. Atalimbana nacho kwa kanthawi anaona msana wasiliva, wautali ngati mkono wawo. Inali salimoni. Anakumbukira mpasa zokwera Bua, zimene bambo awo ankabwera nazo atazikoleka panjinga.

Anachita zimene lamulo limanena. Anachotsa mbedza, nalowa m'madzi mpaka m'mawondo, naigwira nsombayo mutu utaloza kochokera madzi kuti ipume. Inatakasa mchira kawiri, kenaka inagadama. Anaitembenuza, inagadamanso. Kutopa ndi kufunda kwa madzi kunali kutaimaliza.

Anaimirira akuiyang'ana. Akhwangwala anali atatera kale pamlatho. Kwawo ndiwo zotere sizisiyidwira mbalame, ndipo pamwezi wonsewo kunyumba kunali kusanalowe nsomba ina koma ya m'chitini. Anati mumtima: yafa yokha, sindinaiphe dala, ndalakwira yani? Anaitola.

Atafika pavani anatsegula kumbuyo n'kuona mabedishiti ochapa ali m'mizere. Anatseka. Kutsogolo nakonso fungo likanalowerera m'mipando, bwana n'kulimva. Ndiye anachita zimene dalaivala aliyense amachita akagula nsomba pa Dwangwa kapena pa Salima: anailowetsa chingwe kukamwa, naimangirira kunja, pa galasi loonera kumbuyo, kuti iziombedwa mphepo. Pansi pake penipeni panali dzina la kampani ndi nambala yake ya foni, m'zilembo zofiira.

Panjira magalimoto ankawaimbira hutala. Ena ankaloza, ena ankajambula ndi mafoni. A Kanyenda ankakweza dzanja kuyankha, poganiza kuti anthu akuyamikira kukula kwa nsombayo.

Ataima kuthira dizilo, pambali pawo panaima galimoto la boma. Munatuluka mayi wovala yunifolomu ya oyang'anira za nsomba. Mayiyo anazungulira vani pang'onopang'ono, akupukusa mutu.

"Bambo, ndagwira akuba nsomba ambiri," anatero. "Ena amabisa pansi pa mpando, ena m'tayala lapadera. Woipachika ngati mbendera ndinu woyamba. Kachingwe ka nambala kali kuti?"

"Inafa yokha, mayi. Ndinayesetsa kuibweza."

"Ndikukukhulupirirani. Koma aliyense amene ndimamugwira amanena zomwezo, n'chifukwa chake lamulo silisankha. Mwaipachikiranji panja?"

"Muli mabedishiti a eni ake m'katimo."

Mayiyo anamasula nsomba ija, natenganso ndodo yowedzera, nalemba dzina lawo ndi la kampani.

Pofika ku Coolock nkhani inali itatsogola. Anthu anali ataimba foni, ndipo mmodzi mwa oimbawo anali mwini hotela ina imene alendo ake ambiri anali owedza. Bwana sanakalipe. Anati kuyambira Epulo ankavutika posankha woti achotsedwe mwa atatuwo, chifukwa ntchito inkakwanira awiri, ndipo tsopano asankhiridwa.

A Dinah anawapeza atakhala pakhitchini, nsapato zonyowa zili kumapazi.

"Mwaweruka msanga bwanji? Lero zakubwezerani moni?"

A Kanyenda anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pamlatho. Akazi awo anamvetsera mpaka kumapeto, akutsuka kapu imodzi yomweyo.

"Mukanangoiponya pa mabedishitiwo," anatero. "Amachapika."

"Sindinaganize, mayi."

"Ayi, munaganiza. Munaganizira nsalu."

Mu Seputembala khoti linawalipiritsa chindapusa, ndipo woweruza ananena kuti sanaonepo mlandu wopanda chobisika ngati umenewu. Chindapusacho anapereka. Ntchito ina anaifuna nyengo yonse yozizira, m'mafakitale a ku Coolock ndi kwina, koma chaka chimenecho ngakhale eni dziko ankakwera ndege kukasaka ganyu kunja. Chilolezo chawo chinatha mu Febuluwale 2011 ndipo sichinawonjezedwe.

Banjali linatera ku Lilongwe pa 19 Malichi 2011. Lily, amene ankamva Chichewa koma osayankha, anayamba Sitandade 3 ku Nkhotakota temu yotsatira.