Bambo Fletcher Sitima, Mlangizi Amene Mtima Wake Unatsala Kumunda

Bambo Fletcher Sitima anabadwira ku Mkhumba m'chaka cha 1957, m'banja la alimi amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Pemphero la Atate Athu analidziwa m'Chilomwe asanalimve n'komwe m'Chichewa. Bambo awo atamwalira, iwo ali sitandade 7, ankayamba apalira chinangwa kenako n'kuthamangira kusukulu. Anapirira mpaka anamaliza maphunziro a zaulimi, nabwerera kwawo ngati mlangizi.

Zaka makumi atatu anazithera pa njinga yakapalasa. Ankadziwa munda wa aliyense kuyambira ku Migowi mpaka kumpata wa Fort Lister: uwu umasunga madzi, uwu wagwidwa ndi kaufiti, uwu mwini wake ndi wamasiye. Asanalangize, ankatapa dothi n'kulifikisa m'manja. "Dothi silinama," ankatero, "koma limayankhula ndi munthu wowerama." Lamlungu ankawerenga Mawu m'tchalitchi, ndipo kumphakati iwo ndi mayi akunyumba, a Ethel, sankajomba.

Atapuma m'boma, bungwe lina lothandiza alimi linawalemba ntchito. Anakondwa, poyesa kuti akubwerera kuminda. Koma anawapatsa desiki ndi kompyuta m'kachipinda ku Migowi. Mkulu wawo anali Mayi Princess Makina, wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, ndipo sanawabisire kanthu.

"Bambo Sitima, panjinga mumafikira alimi khumi pa tsiku. Pafoni tifikira zikwi. Kulikulu akufuna malangizo olemba. Mukapanda kuphunzira makinawa m'miyezi itatu, sindidzatha kukuikirani kumbuyo."

Alangizi anzawo awiri anasiya. A Sitima anafika kunyumba mutu uli pansi.

"Andimangirira pachikhomo ngati mbuzi ya m'dzinja," anauza a Ethel.

"Ndiye musiya?"

"Ayi. Ngati alimi anga alowa m'foni, ndiwatsata komweko."

Anaphunzira kulemba ndi chala chimodzi, akufunsa mopanda manyazi. A Sitima ankawatchula Mayi Makina kuti abwana popanda kaduka. Koma zenera lawo linkayang'ana kuphiri la Michesi, ndipo fungo la mvula likalowa, chala chija chinkaima. Masana, anzawo akupuma, iwo ankatulutsa kolona n'kumapempherera eni minda amene sankawaonanso, aliyense ndi dzina lake.

Tsiku lina la msika kunabwera Mayi Alesi, wamasiye wa kufupi ndi Fort Lister, atanyamula phesi la chimanga lodyedwa ndi mbozi.

"Mwatitaya, alangizi."

"Iyayi mayi, tinakutumizirani uthenga wa mbozizi."

Mayiwo anawapatsira foni. Mauthenga onse anali osatsegula. "Ndimangoona tizilembo. Andiwerengere ndani? Kale munkabwera."

Mawu amenewo anawalasa. Anapita kwa Mayi Makina ndi phesi lija m'manja. "Abwana, tikufesa pathanthwe. Ndiloleni alimiwa ndiziwayankhula ndi pakamwa, m'Chilomwe ndi m'Chichewa, azingomvera pafonipo. Ndiponso mundipatse tsiku limodzi pa sabata ndikaone ndi maso."

Mayi Makina anawamvera ndipo analembera kulikulu. Yankho linatha chaka lisanabwere. A Sitima anadikira osang'ung'udza. Za mawu zinaloledwa, koma tsiku la kumunda linaperekedwa limodzi lokha pa mwezi. Sichinali chimene anapempha, koma anathokoza. Tsikulo ankaliyembekezera ngati Pasaka. Patapita nthawi Mayi Makina anayamba kupita nawo, ndipo amanena mpaka lero kuti ulangizi anauphunzirira kumbuyo kwa bambo amene anali pansi pawo pantchito.

Anapuma mu 2020. Patatha zaka ziwiri anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo sanapondenso m'munda. Ankakhala pakhonde n'kumafunsa odutsa, "Nandolo wamasula kumtundako? Kudambo madzi aphwa?" Akayankhidwa ankatsinzina, ngati akuona. Kwa bambo mfumu amene ankawabweretsera Ukaristia anaulula kuti kuwawa kwa thupi kunali kochepa, mtanda wawo weniweni unali kumva makasu akulira iwo ali chikhalire.

M'mwezi wa Novembala 2024, atalandira sakramenti la odwala, anaona mitambo ikusonkhana ndipo anaitana a Ethel.

"Mvula ikagwa ine ndili chigonere, musasunge anthu pamaliro. Mvula yobzalira sidikira munthu."

Anatsirizika masana omwewo mwakachetechete, banja likupemphera pambali pawo. Mawa lake mvula inagwa yokwanira. Tinawaika m'mawa wotsatira, ndi ulaliki waufupi ndi nyimbo zochepa, monga anafunira. Dzuwa lisanafike pamutu, anthu amene anabwera kudzalira anali atabalalika ndi mbewu m'manja, ndipo munda woyamba kubzalidwa unali wa Mayi Ethel.

Ife amene ntchito zathu zikusintha tili m'kati, tiwakumbukire. Ambuye wa zokolola awalandire wantchito wawoyu, ause mumtendere.