Kababu ka Miyendo Iwiri

Ndikamva fungo la waya wopsa, mtima wanga umathamangira kusukulu ina yaing'ono kufupi ndi ku Guilleme, pa tchuthi chachitali nditamaliza Sitandade 6. Inali nyengo ya fumbi, mphepo ikuulutsa makoko a mtedza pabwalo lililonse. Kunabwera mtsikana wa ku koleji, amene tinkangomutchula kuti a Madamu, atakweza makatoni awiri pa kabaza, kudzatiphunzitsa sayansi kwa masabata atatu. M'makatonimo munali mabatire, mawaya ofiira ndi akuda, komanso timababu tating'ono ngati njere za nandolo, tokhala ndi miyendo iwiri.

Mayi sankafuna kuti ndipiteko, poti mtedza woti tiswe unali mulu pakhonde. Anandilola atandilumbiritsa kuti ndisakawachititse manyazi ndi kakamwa kangaka. Ndivomere, ndinali wolongolola.

M'mawa uliwonse ndinkasesa pabwalo mwachinyengo, kutunga ndowa ziwiri za madzi, kenako liwiro. Pasukulupo panalibe magetsi, choncho a Madamu ankaika msomali pambaula, ukafiira n'kumasungunulira mtovu wolumikizira mawaya. Tinamanga tinyumba ta makatoni, ta mazenera ndi zitseko. Anatiphunzitsa kuti kababu kamayaka pokhapokha mwendo wake wautali ukalumikizidwa kumbali ya batire yomwe ili ndi kamutu. Tsiku limene kanga kanayaka koyamba ndinalumpha mpaka kugubuduza benchi, ndipo chakudya cha masana ndinachiiwala.

Chimodzi chokha chinkawasowetsa mtendere a Madamu. Akafunsa ngati tamva, tonse tinkayimba pamodzi kuti inde Madamu, ngakhale amene ankawodzera. Akafunsa ngati pali funso, tinkayang'ana zala zakuphazi. Tinaleredwa choncho, kuti wamkulu akalankhula umangovomera.

Pa tsiku lomaliza makolo anabwera kudzaona zomwe tinaphunzira, abambo pamabenchi, amayi pamphasa. Mayi anga anavala chitenje chawo cha kutchalitchi. A Madamu anaika patebulo nyumba yaikulu ya katoni n'kulumikiza mawaya, koma kababu osayaka. Anasintha batire, osayakabe. Abambo ena anayamba kunong'onezana kuti ana angotaya nthawi, kukanakhala bwino akanaswa mtedza.

Ine ndinali kutsogolo, ndipo vuto ndinkaliona bwinobwino: ku kamutu ka batire kunali mwendo waufupi. Anzanga ankaonanso, koma onse maso pansi. A Madamu anatiyang'ana mmodzimmodzi, thukuta lili pamphuno. Ndinacheukira mayi. Kukonza mphunzitsi pagulu ndiwo manyazi omwe ndinalumbira kuti sindiwabweretsa. Koma mawu oti tataya nthawi anandiwawa kwambiri, moti ndinangopezeka ndagwada.

"Pepani Madamu, mwatembenuza miyendo."

Mayi anagwira pakamwa.

"Bwera udzakonze, Chisomo," anatero a Madamu, n'kusunthira pambali.

Ndinazula kababu, kukatembenuza, n'kukabwezera. Pazenera la katoni panatuluka kuwala kofiira. Anthu anaomba m'manja, amayi nthungululu, ndipo abambo onong'ona aja anadzuka kudzasuzumira m'kanyumbamo. Njira yonse yobwerera mayi sanandilankhule, ine mantha ali tho. Titafika ndinawamva kuseri kwa nkhokwe akuuza mnansi wathu kuti mwana wawo wayatsa magetsi kusukulu.

Kwa zaka zambiri ndinkanyada kuti ndinaposa nzeru munthu wa ku koleji, ndipo nkhaniyi ndinaikamba mpaka anthu kutopa nayo. Lero inenso ndimaphunzitsa ana sayansi pa tchuthi, ndipo ndikudziwa kuti munthu wozolowera timababu sangasokoneze miyendo chonchija. A Madamu anatembenuza dala. Analolera kuti mudzi wonse uwaseke, asakudziwa ngati pali mwana ndi mmodzi yemwe amene atsegule pakamwa.