Tinaika thunthu la nthochi, mwiniwake ali moyo

Anthu ena akamva nkhaniyi amagwedeza mutu n'kumati mayiyu ukalamba wamupweteka, koma zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa, dzuwa likuswa mtengo, ndipo Mulungu amene ndimamupembedza akudziwa kuti sindikuwonjezerapo kanthu. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa eni nkhani akadali moyo ndipo timakumana m'maliro.

Ine kwathu ndi kwa Chapananga, koma ndinakwatiwa kwa Asena, kumapiri a kumtunda kwa Ndamera, kumene ukaima pakhomo dambo lonse umaliona pansi. Kumeneko mkazi amakakhala kwa mwamuna poti amakhala atamuperekera chuma, ndiye ine ndinali mtengwa. Amuna anga anali munthu wofatsa, koma anali ndi nthenda imodzi, yokonda alendo. Nyumba yathu inali m'mphepete mwa njira yodutsa pamtunda, ndipo aliyense amene dzuwa lamuthera, kaya wogulitsa nsomba zouma, kaya wochokera kuchigayo, ankagona kwathu. Ine ndinkalalata ndithu, kuwafunsa ngati ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi resitihausi, iwo n'kumangoseka kuti mlendo ndi mame.

Anali masiku a chipani chimodzi, ndipo amene munalipo mukudziwa mmene tinkayankhulira, mawu otsitsa ngakhale uli kumunda wekha. Kutsidya kwa malire kunali nkhondo, choncho lamulo linali lakuti mlendo wosadziwika akagona pamudzi ukamunene kwa akuluakulu a chipani. Koma kwathu kumapiriko, woti ukamuuzeyo ankakhala kutali kumunsi, nanga munthu angasiye mapira akudyedwa ndi mbalame chifukwa cha mlendo wongodutsa?

Tsiku lina, nyengo yodula mapira, panafika mzungu woyenda pansi, chikwama chachikulu kumsana, khosi litapsa ngati la nkhukutembo. Chichewa ankachiyankhula chopindikapindika, poti anati anaphunzitsako sukulu kumtunda, ndipo tsopano asanabwerere kwawo ankafuna kuyenda m'mapiri, kugona m'nyumba za anthu, kudya zimene eni ake amadya ndi kuona mmene amakhalira. Ife tinayang'anana. Munthu woti angathe kukwera galimoto, n'kusankha kutupa mapazi? Koma amuna anga anali atamulandira kale chikwama, ndipo nkhuku yanga yoikira inafa tsiku lomwelo.

Ndisaname, anali mlendo wabwino. Anakhala nafe masiku angapo, ankapita nafe kumunda, anayesa kusinja amayi akufa ndi phwete, ndipo anaphunzira kunena takhuta, zikomo wa Chisena, mpaka ankathokoza ndi mbuzi zomwe. Ankatiuza za dziko lina lakutali lotchedwa Nepal, kumene anayendako m'mapiri aatali kuposa athuwa, pakati pa anthu otchedwa Atamang. Anati anthuwo amakhala kutali ndi msewu ngati ife, amasenza katundu kumsana ndi lamba wodzera pamphumi, amafulula mowa wa mawere, ndipo munthu wapaulendo amamugoneka m'nyumba zawo ngati mbale. Amuna anga nkhani imeneyi inawakoma kwabasi. Ankafunsa mafunso osatha, n'kumandiyang'ana ine monyadira, ngati akuti wamva, si ine ndekha wamisala imeneyi.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, mudzi wonse unasonkhana pakhomo pathu kudzatsazikana naye. Anafuna kutisiyira kanthu, amuna anga anakana, poti chakudya cha mlendo sichigulitsidwa. Ndiye mzungu uja anatsegula chikwama n'kutulutsa nsalu yoyera, yaitali, yosasoka. Anafotokoza kuti Atamang aja ndiwo anamuveka m'khosi pochoka kwawo, kuti ndiwo mwambo wawo wofunira munthu moyo wautali ndi njira yabwino, ndipo iye anaisunga kuti adzaipereke kwa munthu wa mtima wofanana ndi wawo. Atatero anaiyala m'khosi mwa amuna anga, mbali zonse ziwiri zikulendewera pachifuwa, n'kuwerama.

Apongozi anga, mayi awo a amuna anga, lichero linawapulumuka m'manja. Inu nonse mukudziwa kuti kwathu kuno nsalu yoyera yosasoka ndi nsanda, ndipo munthu saivala ali ndi mpweya. Amuna anga nawonso ankadziwa, ndinawaona nkhope ikusintha, koma mlendo sachititsidwa manyazi pagulu. Anathokoza, anasenza chikwama chija, n'kumuperekeza kudutsa mudzi wonse nsaluyo ili m'khosi.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu sizinakhalenso bwino. Kunayamba manong'onong'o akuti mzungu uja wawaika amuna anga chizindikiro, ena amvekere wawagula moyo. Anzawo a pamowa anasiya kumwera nawo chipanda chimodzi, ndipo amayi ankaitana ana awo akaona akusewera pakhomo pathu. Apongozi anawachonderera akulira kuti nsaluyo aiotche. Inenso ndinawauza kuti ngati kuotcha n'kovuta akaitaye kumtsinje, nanga nsalu ndi mwana? Iwo anakana, ati mphatso yoperekedwa ndi mtima woyera siotchedwa, ndipo anaipinda n'kuisomeka kudenga.

Amene anakanena kumunsi sindimudziwa mpaka lero. Mapira asanalowe onse m'nkhokwe, kunabwera anthu achilendo m'mawa, galimoto ataisiya pamene msewu unathera. Anafunsa kuti mzunguyo anali yani, ankafuna chiyani pafupi ndi malire, ndipo n'chifukwa chiyani sananenedwe. Amuna anga anayankha zoona zokhazokha, kuti anali munthu wokonda kuyenda m'mapiri basi, koma ndani masiku amenewo akanakhulupirira kuti munthu angayende popanda chifukwa? Anawatenga, ine n'kundiuza kuti akangowafunsa mafunso abwerako. Palibe ndi mmodzi yemwe anatuluka m'nyumba kudzaima nane. Ndinatsala pabwalo ndi kamwana kathu kakakazi, ndipo apongozi atabwera anangoti iwo ankadziwa kale.

Ndinatsikira kuboma ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga. Kumeneko anatiuza kuti dzina limenelo sanalimvepo, ndipo bambo wina anatitsatira panja n'kutinong'oneza kuti ngati timakonda ana athu tisadzabwerenso. Mvula inagwa, inatha, inabweranso ina, kuli chete. Kenaka munthu wina wa kudambo, amene anatulutsidwa kundende ya anthu otengedwa ndi boma, anauza mlamu wanga kuchigayo kuti anawaona amuna anga akudwala kwambiri, atanyamulidwa m'bulangete, ndipo sanabwerenso m'chipindamo.

Abale sanafunenso umboni wina, poti m'mitima mwawo anali atawaika kalekale tsiku la nsalu lija. Anadula thunthu la nthochi, monga timachitira mtembo ukasowa, analikulunga m'nsalu yomwe ija n'kukaliika kumanda mwakachetechete. Kulira munthu wotengedwa ndi boma unali mlandu, ndiye tinkalira titaluma chitenje. Ine ndinkati bwanji tidikireko, koma mtengwa ali ndi mawu pa maliro a eni mudzi? Patapita nthawi anafulula mowa wa bona, wotsirizira maliro, anthu akunja n'kuwauza kuti ndi mowa wa zokolola.

Zitatha izo anati chuma chinaperekedwa, choncho mlamu wanga alowe m'nyumba. Ndinakana kwa nthawi yaitali, ndinathawirako kwathu, koma abale anga mbuzi za chumazo anali atadya kale, ndipo anandibweza okha. Mlamu wangayo sanali munthu woipa, nayenso anachita kukakamizidwa. Tinakhala, ndipo ndinabereka mwana wamwamuna.

Tsiku limene sindidzaiwala linali la m'chilimwe, dzuwa lili paliwombo. Ndinakhala pakhonde ndikusola nandolo, khanda lili kumsana, ndipo ndinamva odi kumapeto kwa bwalo. Mawuwo ndinawazindikira ndisanatembenuke. Nditacheuka ndinaona amuna anga ataima pamenepo, atatsamira ndodo, owonda ngati bango, mutu uli mbuu, mano ena palibe. Sindichita manyazi kunena, ndinadzikodzera pomwepo. Munthu amene ndinamulira, amene manda ake ndinkawasesa, ataima masanasana akundiyang'ana.

Mayi wina woyandikana nafe anakuwa, ndipo mudzi wonse unasokonekera. Amayi anathawira m'tchire ndi ana, abambo anatuluka ndi makasu n'kuima patali. Wina anatapa dothi n'kuwawaza, poti amati mzukwa ukauthira dothi umazimirira. Dothilo linangomatirira pathukuta, iwo n'kulipukuta pang'onopang'ono ndi dzanja. Mwana wathu wamkazi anabisala kuseri kwa nkhokwe, nanga si tinamuuza tokha kuti bambo ake ali kumanda?

Sanalowe pabwalo. Anapempha madzi akumwa ali pomwepo, ngati munthu wodutsa. Ndinatunga m'mtsuko n'kukawapatsa, ndipo polandira chikho zala zawo zinakhudza zanga. Zinali zofunda. Mantha onse anandithera, ndinayamba kufuula kuti ndi amoyo, bwerani mudzawagwire, ndi amoyo. Koma palibe anasendera.

Apongozi anafika n'kuima patali ataphimba nkhope ndi nsalu. Anati mwana wawo anamuika, mowa wake unamwedwa, mzimu wake unakhazikika kale, ndipo uyu akalowa m'nyumba manda aja adzafuna munthu weniweni, mwina mwana. Ankanena akulira, mayi wobereka, akupempha mwana wake kuti abwerere kumene wachokera. Mlamu wanga anangokhala pansi m'fumbi atagwira mutu. Amuna anga anayang'ana khanda linali kumsana kwanga n'kufunsa kuti ndi la yani. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti lafanana ndi malemu bambo awo.

Kenaka anapempha kuti agoneko tsiku limodzi lokha, ngakhale pakhonde kapena m'khitchini, poti miyendo inali itatupa. Abale anga, apa ndi pamene mtima wanga unasweka ndipo sunalumikizikenso. Munthu amene anagoneka aliyense wodutsa pamtunda uja, wa nsomba, wa kuchigayo, ngakhale mzungu, anasowa mphasa m'mudzi wobadwira. Ndinathamangira m'nyumba kukatenga mphasa ndekha, koma amayi akuluakulu anandigwira, ati ndikufuna kupha khanda. Amuna anga ataona tikulimbana anakweza dzanja, anandiuza kuti ndiwasiye, iwo sanabwere kudzaphetsa mwana kapena kudzazunza mayi awo. Anabweza chikho, anathokoza, n'kutembenuka.

Ndinawapulumuka amayi aja n'kutsatira amuna anga mpaka pa mlambe wa kumapeto kwa mudzi, pamene timabwererapo tikamaperekeza alendo. Ndinawauza kuti ndipita nawo kulikonse. Anakana, anati ana awiri ndiwasiyira yani, ndipo iwo alibe ngakhale denga loti andiikemo. Anandipempha kuti ndisamude mng'ono wawo. Anandiuza kuti m'bulangete muja anawatengera kuchipatala cha komweko, ndipo atachira anawasamutsira kwina, komanso kuti zaka zonsezo chimene chinkawalimbitsa chinali kuganiza za njira yokwera kunyumba kwathu. Ndinawafunsa mokwiya ngati tsopano aona zimene alendo awo anawachita. Anayankha kuti mzungu uja analibe mlandu, anapereka chinthu chabwino koposa chimene anali nacho. Atatero anatsika phiri pang'onopang'ono, ine ndikuwayang'ana mpaka mitengo inawabisa.

Sindinawaonenso. Ena ankati anawaona kuminda ya nzimbe, ena ankati anawoloka malire. Zinthu zitasintha m'dziko muno ndinayenda ndi mwana wathu wamkazi, ali wamkulu, kufunsa m'makomboni ndi m'misika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Nchalo, koma palibe ankawadziwa. Mwanayo mpaka lero amalira akakumbuka kuti bambo ake anabwera iye n'kubisala.

Zimene ndimakhulupirira tsopano n'zakuti nsalu ija inalibe mankhwala alionse. Kwa eni ake kumapiri akutaliwo inali dalitso, ndipo ikanakhala dalitso kwathunso tikanakhala anthu opanda mantha. Amene anawatenga anawazunza, inde, koma anawabweza amoyo. Anawamaliza ndi abale awo, amene anaopa manda opanda munthu kuposa mmene anakondera munthu woima pamaso pawo. Masiku ano ndimamva kuti alendo oyenda m'mapiri achuluka ndipo amagona m'nyumba za anthu. Alandireni, ndipo akakupatsani chinthu chimene simukuchimvetsa, funsani tanthauzo lake musanayambe kunong'onezana. Koma chachikulu ndikuchenjezani ndi ichi: musadzalire munthu amene mtembo wake simunauone, ngakhale akukakamizeni bwanji. Ine ndakalamba ndili ndi manda oti nditha kukusonyezani, koma kumene amuna anga anagona sindikudziwa, ndiponso sindikudziwa ngati anapeza wowayalira mphasa.