Nambala ya M'bokosi la ba Sakala

Ndikukumbukira fungo la vanishi ndi utuchi kwa ba Sakala, kalipentala wa mabokosi a maliro m'komboni ya Kalingalinga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo amayi ankandituma kumeneko kukatola tizidutswa ta matabwa toyatsira mbaula.

Tsiku lina ndinasuzumira m'kabokosi kakang'ono kamene kanali kasanathe. Mkati mwa chivindikiro munali molembedwa ndi pensulo: 142857. Pansi pake 285714, kenako 428571. Ndinkakonda masamu, choncho ndinaona msanga kuti manambala ake ndi omwewo, angosinthana malo ngati akuyenda okha.

Patapita masiku atatu, khanda la aneba athu linamwalira, ndipo linaikidwa m'kabokosi komweko. Pampopi ndinauza anzanga kuti ba Sakala amalemberatu manambala a anthu oti afe. Pofika Lamlungu komboni yonse inali itamva. Anthu anasiya kugula kwa iwo, miyala inayamba kugwa padenga lawo, ndipo akazi awo ankalozedwa zala pamsika.

Masana ena ndikudutsa, ba Sakala anandiitana. "Iwe mwana, bwela. Nkala apa."

Ndinalowa n'kukhala pansi. Mabokosi atatu anali atatsamira khoma, otsekula. Anandipatsa pensulo ndi kathabwa.

"Lemba ija nambala unaona. Chulukitsa na two."

Ndinachulukitsa, ndipo panatuluka 285714. Ndi zitatu, 428571. Mpaka zisanu ndi chimodzi, manambala omwe aja ankangobwerera mozungulira. Nditachulukitsa ndi zisanu ndi ziwiri panatuluka 999999, ndipo pensulo inandipulumuka.

"Ni masamu chabe," anatero. "Gawa one na seven, uzaiona ibwela, ibwela, siisila, ilibe pothera."

Anandiuza kuti anaiphunzira kusekondale asanasiye sukulu. Kenako anayang'ana manja awo. "Ukapanga bokosi ya mwana, mutu ufunika kuyendako kwina. Apo ayi, misomali siingene mu thabwa."

Sanandikalipire, ngakhale ankadziwa kuti mphekesera ija inachokera kwa ine. Anangoti nditole zidutswa zanga ndizipita.

Madzulo ake ndinagawa 1 ndi 7 m'kope langa, ndipo nambala ija inatulukadi, kubwereza mpaka pepala linatha. Koma pampopi sindinanene kanthu. Ndinkaopa kutchedwa wabodza, ndinkaopanso kuti angati ba Sakala andilodza. Mwezi usanathe, banja lija linasamukira ku Bauleni, ndipo sindinawaonenso.

Lero ndimaphunzitsa masamu, ndipo ana akaona nambala imeneyi amakuwa mokondwa. Ine ndimalephera kukondwa nawo. Bodza loyamba lija ndingati linali umbuli wa mwana. Koma kukhala chete kuja ndinakusankha nditadziwa kale zoona, umboni uli m'kope langa, ndipo mlandu umenewo ndi umene sunandichokebe.