Chidindo cha a Pemberton

Mayi Kuwabara anagwira ntchito mu ofesi ya sukulu ina ya mumzinda wa Kobe, ku Japan, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pa zaka zimenezo anatsanzikana ndi mahedi asanu ndi awiri. Onse ankachokera kunja, onse ankafika ndi masomphenya, ndipo masomphenyawo sankapitirira zaka zitatu. Wina anachotsa mabelu kuti ana azisunga okha nthawi. Womutsatira anawabwezeretsa, n'kulembera makolo kalata yonyadira njira yatsopanoyo. Mayi Kuwabara ankangosintha dzina pachitseko.

Ntchito yawo yeniyeni inali kuyendetsa mapepala. Pasukulupo ngakhale tsache silinkagulidwa popanda pepala la zidindo zitatu. Ankayamba kudinda ndi iwowo, kenako ahedi, pomaliza eni sukulu, Bambo Morishige, amene analemera ndi malo oimikapo magalimoto n'kuganiza kuti ana sangavute kuposa magalimoto. Bodi ya sukulu inali a Morishige, akazi awo, ndi mlamu wawo wozula mano.

Ahedi achisanu ndi chitatu, Bambo Pemberton, anafika mu Ogasiti. Anali munthu wabwino mtima, woseka ndi aliyense. Mayi Kuwabara anawakonzetsera chidindo cha dzina lawo m'zilembo za Chijapani, zimene mwini dzinayo sankawerenga ngakhale chimodzi. Ankangochitola mmene chagonera n'kudinda. Tsiku lina dzina linkaima bwino, tsiku lina linkatuluka mozondoka, mutu pansi. Ndipo m'dzikomo aliyense wogwira ntchito mu ofesi amadziwa kuti munthu akadinda mozondoka ndiye kuti wakana, koma sakufuna kukangana pamaso.

Sukulu inayamba kuyenda ngati maere. Makina okopera mapepala anagulidwa, ulendo wa ana wokaona nsomba unakanidwa, ndipo ahedi ankadabwa kuti bodi imeneyi imaganiza motani.

Mayi Kuwabara anayesa ndithu. Anamata kapepala kofiira kumtunda kwa chidindocho. Mawa lake ahedi anakamatula.

"Mwaiwala kuchotsa mtengo wake, mayi," anatero akuseka.

"Bwana, chidindo chimenechi chili ndi kumwamba ndi kumunsi."

"Zoona? Aa, chikhalidwe chanu n'chozama bwanji!" anatero ahediwo, n'kudinda maso ali pa mayiwo.

Kupitirira pamenepo kukanakhala kuuza bwana kuti walakwa, ndipo Mayi Kuwabara anali asanachitepo zimenezo chiyambire ntchito. Anadziuza kuti nsomba zija ana adzaziona chaka china, komanso kuti ahediwa sakhalitsa.

Mu Januwale kunabwera pepala loonjezera kontirakiti ya Bambo Villanueva, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Philippines. Pasukulu pomwe aphunzitsi ankabwera n'kupita ngati apaulendo padepoti, iwowa anali atakhalapo zaka khumi ndi chimodzi. Chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chinkadalira ntchitoyo, ndipo mwana wawo wamkazi ankaphunzira pomwepo.

"Awa ndiye asachoke, zivute zitani," anatero ahedi. "Popanda iwowa sukulu ino ndi nyumba chabe."

Anadinda ndi mphamvu, mozondoka. Mayi Kuwabara anatsegula pakamwa, koma foni inalira, ahedi n'kuitola. Mayiwo anawerama n'kutuluka ndi pepalalo.

Anakwera masitepe opita kwa eni sukulu. Anaona kuti kuuza a Morishige n'kosavuta, poti wolakwayo sakhalapo.

"Pepani bwana, ndilankhuleko. Ahedi sadziwa kumene chidindo chawo chayang'ana. Apa sanakane ayi."

"Ndikudziwa, mayi. Kuyambira Ogasiti."



"Makolo amalipira kuti aziona nkhope za azungu ngati zimene zili pakabuku kathu kotsatsa sukulu," anapitiriza a Morishige. "Ndapeza mnyamata wa ku Canada, wamtali bwino. Ankaphunzitsa anthu kutsetsereka pachipale ku Nagano."

"Nanga masamu amawadziwa, bwana?"

"Ali ndi digiri ya chinachake. Ine sindichotsa munthu ntchito, mayi. Ndimangolemekeza maganizo a ahedi."

Anaika pepalalo m'dirowa n'kukhoma.

Ahedi anauzidwa kuti bodi yagamula, ndipo anadandaula sabata yathunthu. A Villanueva anauzidwa kuti ahedi sanavomereze. Anthu awiriwa ankakumana m'khonde tsiku ndi tsiku n'kupatsana moni mwaulemu, wina osafunsa mnzake kanthu. Mayi Kuwabara ankadziwa kuti mawu ochepa chabe akanatha kuutsa nkhaniyo. Koma akanayamba kufotokoza, akanafunsidwa kuti anadziwa liti, ndipo yankho lake linali Ogasiti. Anachita manyazi, manyaziwo n'kukula mwezi ndi mwezi mpaka nthawi yokonza zinthu inadutsa. Makalata otsanzikira a Villanueva anawalemba mayiwo okha, opanda cholakwika ngakhale chimodzi.

Tsiku lomaliza, mu Juni, a Villanueva anabwera ku ofesi ndi bokosi la timakeke, monga amachitira aliyense wochoka. Anagawira onse, kenako anaima pa tebulo la Mayi Kuwabara.

"Mayi, zaka zonsezi simunanditayirepo pepala ngakhale limodzi. Zikomo kwambiri."

"Ndi ntchito yathu, aphunzitsi."

"Ndifunse kanthu kamodzi, poti inu mumaona mapepala onse." Anatsitsa mawu. "Ndinawalakwira chiyani ahedi? Ndaganiza miyezi isanu, sindikuchipeza. Ndingodziwa basi, kuti kumene ndikupitako ndisakabwereze."

Mayi Kuwabara anayang'ana kakeke kamene kanali m'manja mwawo.

"Simunalakwe kalikonse, aphunzitsi."

A Villanueva anaseka pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Inu ndinu achifundo, mayi. Chabwino, musandiuze. Ndidzachipeza ndekha."

Anawerama, Mayi Kuwabara nawonso anawerama, motsika kuposa mmene amachitira kwa mphunzitsi. Ataweramuka anapeza munthu uja wafika kale pakhomo, akuthandiza mwana wake kunyamula chikwama.