Tsiku Limene Mluzu wa Wamundila Sunamveke

Amene anakhalako mu komboni ya anthu a njanji ku Livingstone m'zaka za m'ma 1990 sangamuiwale Wamundila Akufuna. Akaiwala nkhope, mluzu wake sangauiwale. Anali munthu wamtali, wakuda bii, woyenda chowerama pang'ono ngati akumvetsera kanthu pansi, ndipo kuweramako kunachokera ku ntchito. Sitima ikaima pa siteshoni, iye ankayenda m'mbali mwake ndi nyundo ya mpini wautali, n'kumagogoda gudumu lililonse. Gudumu labwino limalira nthawi yaitali ngati belu la tchalitchi, long'aluka limangoti phu, basi. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anagogoda magudumu, ndipo palibe bogi imene inagwa chifukwa cha khutu lake. Anzake ankamuseka kuti ba Akufuna amamva ngakhale nyerere ikatsokomola. Iye ankangomwetulira, koma mumtima ankanyada. Makutuwo ndiwo ankadyetsa banja.

Banjalo linali la anthu asanu ndi mmodzi. Mkazi wake Lonah, Mtonga wa ku Kalomo, ankagulitsa zitumbuwa pa geti la siteshoni. Ana anali atatu: Imwiko, mnyamata woyamba, kenako Sepiso, kenako Chuma, atsikana onse awiri. Panalinso mayi ake a Wamundila, ba Mulemwa, amene anachoka ku Mongu amuna awo atamwalira. Ana ankawatcha ba Kuku, monga Alozi amatchulira agogo.

Lamlungu akaweruka kutchalitchi, amuna anzake ankalowera kumowa. Wamundila ayi. Ankavula jekete, n'kumanga botolo la chibwantu, chakumwa chonga thobwa, ndi zitumbuwa m'chitenje, n'kutulutsa ana ake. Sabata ina ankapita nawo ku mpanda wa bwalo la ndege kukadikira kandege ka alendo katere. Nthawi zina ankaima maola awiri ndege osabwera, n'kubwerera atangoona kansalu ka pamtengo kakukupizidwa ndi mphepo, koma anawo ankafika kunyumba akusimba ngati akwera ndege. Sabata ina kunali kosungirako masitima akale, kumene ankakwera m'mitu ya sitima za malasha n'kutsikamo ali bii, Lonah n'kumadandaula za sopo. M'chilimwe ankapita ku mlatho wa Maramba kukaona njovu zikutsikira kumadzi. Kalelo tauni inali yabata, mahotela ambiriwa kunalibe, ndipo munthu ankatha kuyenda ndi ana pamsewu wa ku mathithi kwa theka la ola osakumana ndi galimoto.

Ana a m'nyumba zoyandikana anayamba kudziphatika, mpaka gululo linkafika khumi ndi awiri. Nanga munthu mmodzi angawete bwanji ana khumi ndi awiri? Wamundila ankawaweta ndi mluzu. Ankaika zala ziwiri m'kamwa. Akaimba kamodzi, aliyense aime pomwe ali, ngakhale phazi lili m'mwamba. Kawiri, onse abwere. Katatu, zitumbuwa zamasulidwa, ndipo pamenepo panalibe wochedwa. Makolo ankamupatsa ana awo osada nkhawa, chifukwa mluzu umenewo unali ngati chingwe.

Mvula ya 1996 inabwera ndi malungo oopsa. Sepiso, ali ndi zaka zisanu, anagona m'chipatala milungu itatu, ba Kuku akugona pansi pafupi ndi bedi lake. Mwanayo anadzuka, koma makutu ake sanadzuke. Wamundila anazikhulupirira tsiku limene anaweruka kuntchito n'kuimba mluzu kawiri ali pa geti. Imwiko anathamanga, Chuma anabwera akudzandira, koma Sepiso anapitiriza kuumba timiphika tadothi atafulatira. Anaimbanso. Anaimba katatu, mluzu wa zitumbuwa uja. Kenako anakhala pakhonde ndi nyundo yake pamiyendo, osavula nsapato, mpaka chakudya chinazizira.

Akazi ndi ana anapeza njira zawo. Sepiso ndi Chuma ankagona pabedi limodzi lachitsulo, ndipo akafuna kuitanana ankagogoda chitsulocho ndi supuni, winayo n'kumva kunjenjemera m'dzanja kapena kumsana. Anapanganso mawu a manja: chikhatho choloza pansi ndiye kuti khala; chala pamphuno ndi ba Kuku, chifukwa cha fodya wawo wa m'mphuno; zala ziwiri pakamwa ndi atate. Lonah anaphunzira, ba Kuku anaphunzira, ngakhale Imwiko. Wamundila yekha manja ake ankachita manyazi. Mwanayo ankamukonda, zimenezo asanene wina zabodza, nsapato zabwino kwambiri m'nyumbamo zinali za Sepiso. Koma Lamlungu ankamusiya. Ankati mwana wosamva mluzu sangapite naye kwa njovu kapena kumtsinje. Sepiso ankaima pa geti atagwira chitenje cha ba Kuku, kuyang'ana gululo mpaka litakhota pa mtengo wa mango.

Mu Febuluwale 1998 Sepiso anapita ndi anzake kukatola chimanga chimene chinkatayika m'mabogi. Mutu wa sitima unabwera chobwerera m'mbuyo, woyendetsa akuliza hutala mpaka komboni yonse inatuluka. Anzake anathawa. Iye anali chiweramire, ndipo mayi wina wogulitsa tomato ndiye anamukoka diresi mpaka inang'ambika. Wamundila anamva nkhaniyo ali kuntchito. Tsiku lomwelo analemba kalata kwa mlongo wake Sepo, amene ankakhala kumudzi kupitirira Mulobezi, kumene kunalibe galimoto ndipo sitima inkafika kamodzi pa sabata. Yankho linabwera loti mwanayo abwere. Anagwirizana za Lachitatu la pambuyo pa Pasaka.

Lonah analira, koma sanatsutse, chifukwa diresi long'ambika lija anali atalichapa yekha. Ba Kuku ndiwo anaima. Anamukumbutsa mwana wawo kuti masisitere anali ndi kalasi ya ana osamva m'tauni momwemo, ndipo kumudzi Sepiso akakalamba akusinja mapira a eni ake osadziwa kulemba dzina lake. Wamundila anayankha kuti kuti afike kusukuluko ayenera kuwoloka njanji kawiri pa tsiku.

"Bamai, ine niziba kulira kwa gudumu ikaponda chinthu," anatero. "Sinifuna kukamvera pa mwana wanga."

Ba Kuku anaona kuti mwana wawo sakutaya mwana, akuopa. Anafwenkha fodya, n'kunena kuti chabwino, nyumba ndi yake. Koma anapempha chinthu chimodzi, ndipo sanapemphe ndi mawu ofewa. Lolemba la Pasaka banja linali litakonza zopita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo Sepiso apite nawo.

"Akafika kwa Sepo bazamufunsa za mathithi. Ayankhe kuti chani? Kuti anali kuona utsi ali pa geti monga mbuzi? Mdzukulu wanga ni wa mu Livingstone, iwe."

Anapita asanu ndi mmodzi okha, opanda ana a eni. Ba Mweemba a nyumba yoyandikana, amene ankapita kumalire ndi lole, anawakweza kumbuyo. Lonah anali ataboola masaka a ufa kuti akhale majasi a mvula, moti ana anatsika pa lole atalembedwa makilogalamu pamsana, Imwiko akuwaseka alongo ake kuti agulitsidwa pamsika. Sepiso anamangirira kapu yake yachitsulo m'chiuno, poti sankamwera kapu ya wina. Asanalowe n'komwe pa geti la kumathithi, iye ndiye anaona nyani akutsika mumtengo kulunjika chitenje cha zitumbuwa, ndipo anachikumbatira ena onse asanatembenuke. Nyaniyo anabwerera chimanjamanja. Ba Kuku anamuyang'ana Wamundila, koma iye anayang'ana kumbali.

Chaka chimenecho madzi anali ochuluka. Amene sanapiteko mu Epulo sangamvetse. Mvula imachokera pansi kupita kumwamba, dzuwa lili phwee, ndipo mkokomo umalowa m'chifuwa mpaka mano. Akuyandikira kamlatho kachitsulo ka oyenda pansi, kamene kamadutsa pamwamba pa phompho, Lonah ankakuwa m'khutu la mwamuna wake, iye n'kumangoona milomo ikuyenda. Wamundila anagwira dzanja la Sepiso mwamphamvu, poti m'maganizo mwake ngozi yonse inali pa mwana ameneyu.

Koma amene anapulumuka m'manja anali Chuma. Lonah anamusiya dzanja kuti apukute madzi m'maso, ndipo kamwana ka zaka zinayi kanaona utawaleza kutsidya n'kuuthamangira. Kanadutsa m'miyendo ya alendo amene anadzaza pakamlathopo, dzanja limodzi likutsetsereka pa chitsulo chogwirira. Kutsidyako njira inali yoterera ndi ndere, ndipo malo ena analibe mpanda.

Wamundila anasiya Sepiso, naika zala m'kamwa. Anaimba kamodzi, ndi mpweya wonse. Iye mwini sanaumve. Anaimbanso, madzi akulowa m'kamwa, ndipo zinali ngati akuuzira moto wozima. Anayamba kukankha alendo, koma anali ambiri, atavala majasi oterera, ndipo kasaka koyera ka Chuma kanali katatsala pang'ono kufika kumapeto.

Sepiso sanayese kuthamanga. Anamasula kapu m'chiuno n'kumenya chitsulo chogwirira chija katatu, ndi mphamvu zake zonse, monga ankamenyera bedi. Kutsogoloko Chuma anaima. Anayang'ana dzanja lake, kenako anatembenuka kufuna mkulu wake. Sepiso anakweza mkono, chikhatho choloza pansi. Chuma anakhala pansi pomwepo m'madzi, miyendo tambalale, kudikira ngati mwana amene wauzidwa kuti phala likubwera.

Wamundila anakamunyamula n'kubwerera naye. Anamupereka kwa Lonah, naima kutsogolo kwa Sepiso. Pakamwa panalibe ntchito pamalo amenewo. Anaika chikhatho chake pa chitsulo, ndipo ndi dzanja linalo, lija lamanyazi, anayerekeza kumenya. Sepiso anamuyang'ana kaye, poti atate ake anali asanamuyankhulepo ndi manja. Kenako anamenya. Kugunda kuja kunayenda m'chitsulo n'kulowa m'dzanja la Wamundila mpaka m'chigongono, ndipo anakuzindikira. Zaka zonse zija mpini wa nyundo unkamuuza zomwezo m'chikhatho, gudumu labwino ndi long'aluka, iye n'kumatamanda khutu lokha.

Anakakhala pa udzu kumtunda kwa mathithi, kumene mtsinje umayenda mwaulemu, masaka atayanikidwa pa zitsamba. Anadya zitumbuwa zonyowa. Kapu ya Sepiso inali itaphwanyika mbali imodzi, ndipo Wamundila ankangoitembenuza m'manja. Ba Kuku anadikira mpaka onse atamwa chibwantu.

"Kuja tonse tinali osamva," anatero. "Nanga amene anakamba ni ndani?"

Funsolo ba Kuku sanalibwereze. Mwana wawo ankamudziwa: ukamukankha amaima, ukamusiya amayenda yekha.

Lachitatu sitima ya ku Mulobezi inaima pa siteshoni monga mwa masiku onse. Wamundila anaigogoda magudumu onse, mbali iyi ndi inayo, n'kuuza woyendetsa kuti ili bwino. Kwa gadi wa sitimayo anapereka kathumba ka shuga ndi mchere, ndi kalata yopepesa yopita kwa Sepo. Sitimayo inanyamuka yopanda mwana. Madzulo ake anabwera kunyumba ndi mbendera ziwiri zakale zimene anapempha kwa gadi wina wopuma ntchito, yofiira ndi yobiriwira. Anamutengera Sepiso ku njanji, namuika dzanja pa chitsulo kuti amve mmene chimanjenjemerera sitima ikadali kutali, kenako anamusonyeza kuyang'ana uku ndi uku. Mwezi wonse wa Meyi anamuperekeza yekha ku kalasi ya masisitere, mwana patsogolo, iye pambuyo, kuona ngati aima pa njanji. Tsiku lililonse ankaima.

Kuyambira pamenepo gulu la Lamlungu linkayenda ndi mbendera. Yofiira, imani. Yobiriwira, bwerani. Zonse ziwiri m'mwamba, zitumbuwa. Anthu a mu komboni ya Maramba ankaseka kuti sitima ya ba Akufuna yadutsa, ndipo iye ankawakupizira yobiriwira. Mawu a manja anawaphunzira mochedwa ndiponso mokhota, moti ana ake ankagwa ndi phwete akafuna kunena kuti njovu n'kunena kuti ba Kuku. Mluzu sanausiye, koma amene ankayenda kumapeto kwa mzere kuwerenga mitu ya ana anali Sepiso.

Ntchito ya njanji inatha zaka za m'ma 1990 zikutha, pamene anthu ambiri anachotsedwa, ndipo nyundo ija anaibweza. Lero msewu wa ku mathithi uli ndi mabasi a alendo okhaokha, mtengo wa mango uja unadulidwa, ndipo Wamundila tsitsi lili mbuu. Sepiso ali ndi shopu yake yosokera ku Dambwa ndi ana awiri akumva bwinobwino, oyankhula ndi pakamwa ndi manja omwe. Lamlungu akaweruka kutchalitchi amadzera kwa atate ake. Sepiso ndiye amanyamula mbendera yofiira tsopano, ndipo akaikweza pamsewu, Wamundila amaima pamodzi ndi adzukulu ake.