Pachithunzi cha Fergus panalibe mtambo

Anzanga, Fergus ndinakumana naye ku kalabu yathu yoonera nyenyezi ku Coonabarabran, tsiku limene ndinapunthwa pamwendo wa telesikopu yake.

"Iwe, ndatha ola lathunthu ndikuilunjikitsa imeneyo," anatero. "Chindapusa chake undigulire khofi."

Kuyambira pamenepo tinali pachibwenzi, ndipo ine ndinamukonda zosayamba.

Patatha chaka linafika tsiku loti mwezi udutse kutsogolo kwa pulaneti ya Saturn n'kuibisa. Zimatenga kamphindi chabe, ukaphonya udikira zaka. Ine ndi Fergus tinayenda maola atatu pagalimoto n'kuimika kamera m'mbali mwa munda wa tirigu dzuwa likulowa. Saturn ndi mphete zake inali itatsala pang'onong'ono kukhudza mwezi, ine mtima uli m'mwamba.

Kenako mtambo... umodzi wokha kuthambo konse! Mmene unkachoka, Saturn inali italowa kale.

M'mawa mwake ndinaona chithunzi patsamba la pa intaneti la kalabu: Saturn itamezedwa theka ndi mwezi, dzina la Fergus pansi pake. Ndinamuimbira foni.

"Chimenechi wachitenga kuti?"

"Ndalumikiza ziwiri pakompyuta, mwezi wadzulo ndi Saturn ya sabata yatha. Ndi mmene zikanaonekera, babe."

"Lamulo lathu ukulidziwa. Cholumikiza timalemba kuti n'cholumikiza."

"Usandilalikire, Tamsin. Akakufunsa ungoti unaona, basi. Umandikonda, eti?"

Sabata yonseyo chakudya sichinkalowa.

Lachisanu pamsonkhano wa kalabu chithunzicho anachionetsa pakhoma, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako Mayi Petrakis, wapampando wathu amene anandiphunzitsa kugwira telesikopu, anavula magalasi.

"Tamsin mwana wanga, mchimwene wanga amalima cha komweko, ndipo akuti kunali mtambo. Iwe unalipo. Unaona chiyani?"

Onse m'holomo anatembenukira kwa ine. Fergus ankandimwetulira mosatekeseka.

"Kunali mtambo, mayi. Sitinajambule kanthu."

Panja Fergus anandipeza nditatsamira galimoto.

"Liwu limodzi lokha linakukanika? Ungondiiwala."

Sindikubisirani anzanga, ndimaliralirabe. Koma chimene chimandiwawa kwambiri si kuchoka kwake ayi. Kumwetulira kumene ankanamiza nako holo yonse ndi komweko kumene ankandiuza nako kuti ndine ndekha. Mpaka lero sindidziwa kuti pa zonse zimene anandionetsa chaka chija, zenizeni zinali ziti.